Tchalitchi Chathu Chinali ndi Pakati

1

Mukadzafika pa tchalitchi chathu, wina adzakulozerani ine n'kunena kuti, "Mayi awo ndi amene anamangitsa zonsezi." Sadzakhala akunama. Ndinasenza mchenga mpaka tsitsi linathothoka paliwombo, ndinakangana ndi azibambo ovala majekete, ndinadzutsa mpingo womwe unazolowera kuwodzera. Koma chimene ndinachitira zonsezi amachidziwa ndi anthu awiri okha. Lero ndikuuzani inu, poti nkhope yanga simuidziwa.

Ndine mkazi wa abusa. Sukulu sindinapite nayo patali, koma maso ndili nawo, ndipo pakamwa panga sipachita dzimbiri. Mwana ndilibe. Ndaneneratu kuti musavutike kufunsa mumtima. Azimayi a mumpingo anafunsa kale mokwanira.

Tchalitchi chakale chinali chitatithina ngati nsapato ya mwana amene wakula. Anthu ankakhala mpaka pakhomo, ena ankamvera ulaliki pazenera atafunda maambulera. Akwaya akaimirira, a pabenchi lakutsogolo ankapinda miyendo. Nkhani yokuza nyumbayi inkalowa pamsonkhano uliwonse wa akuluampingo n'kutuluka mmene yalowera, chifukwa cha mkulu wina amene tonse tinkamutcha a Tidikire. Mawu awo anali amodzi omwewo chaka ndi chaka.

Tsiku lina ndinawapititsira tiyi pamsonkhano. Ndinatula thireyi patebulo koma sindinatuluke.

"Tidikire kaye, abale," a Tidikire anali akutero. "Zinthu izi sizifuna phuma."

"Mwadikira mpaka imvi, bambo," ndinatero. "Kodi mukudikira kuti anthu achepe? Achepadi. Pitani mukaone ku tchalitchi cha kutsidya kwa msewuku mmene akukhalira motakasuka anthu athu."

"Mayi, uno ndi msonkhano wa akulu."

"Ndiye kulani. Zengerezu adalinda kwawukwawu."

Wina anatsamwa ndi tiyi. A Tidikire anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Chabwino. Tikagwetsa, tizipempherera kuti? Pansi pa mtengo?"

Yankho ndinali nditabwera nalo, linkadikira panja. Anali mmisiri wamfupi, wamimba, amene sankasiyana ndi levulo yake yoyezera makoma ngakhale pamaliro, n'chifukwa chake aliyense ankangoti a Levulo.

"Sitigwetsa kaye, mabwana," anatero. "Timanga chatsopano mozungulira chakalechi. Khoma kunja kwa khoma, denga pamwamba pa denga. Inu muzipemphera mkatimo ngati kale. Tikafolera, timaphwasula chamkati n'kutulutsa zidutswa pakhomo."

Akuluampingo anawomba m'manja. Pomwepo anandiika kukhala wapampando wa komiti yomanga, ena mwachikondi, ena kuti adzandione ndikugwa. Ndinavomera, koma ndinaika lamulo limodzi: chakale chidzachoke chonse, ndi pansi pomwe.

"Pansi sipavuta, Mayi," anatero a Levulo. "Timangothira simenti ina pamwamba, basi."

"Ndati ndi pansi pomwe."

Abusa, amuna anga, anali kumutu kwa tebulo. Ankangoyang'ana nsapato zawo.

2

Mpingo ndinaugawa ngati ntchito zapakhomo: azibambo kukumba maziko, achinyamata kuumba njerwa, azimayi madzi ndi mchenga. Waulesi ndinkamutchula dzina pa zolengeza, maso ali gwa. Ena anandida, koma njerwa sizinasiye kubwera.

Makoma atapitirira mutu wa munthu, a Levulo anabwerera m'mbuyo, manja m'chiuno, n'kuyang'ana kanyumba kakale kali phee mkati mwa chinyumba chatsopano.

"Mayi, mwaona? Tchalitchi chanu chili ndi pakati!"

Azimayi anaseka, kenako anakumbukira amene akuuzidwa. Kuseka kunazima ngati moto wothiridwa madzi. Ndinaseka ndekha, mokweza.

"Ndiye mukhale azamba abwino, a Levulo. Mwana ameneyu adzatuluka zidutswazidutswa."

Makoma akamakwera, kuwala kunkachepa. Mazenera akale anayamba kuyang'anizana ndi njerwa, moti masana dzuwa lili paliwombo tinkapemphera mu kamdima ngati kukubwera mvula. Nyimbo zinasintha mawu, zinkamveka ngati tikuimbira m'chitsime. Pakati pa khoma lakale ndi latsopano panatsala kanjira kokwana wilibala imodzi, kozungulira nyumba yonse, kodzaza fumbi la simenti. Ana a m'deralo anakasandutsa bwalo lothamangitsirana.

Madzulo aliwonse, amisiri akaweruka, ndinkayenda m'kanjira kameneko kuona ntchito. Pafumbi pankakhala timapazi tambirimbiri. Sindinkafuna, koma msana unkawerama wokha, ndipo ndinkapezeka ndikuwerenga zala. Nthawi zina ndinkamva kuthamanga patsogolo panga, phaphapha, kukhota pakona. Ndikafika pakonapo, palibe munthu. Ndikazungulira, phaphapha, kumbuyo kwanga.

Ndikuuzeni tsopano za malo amene anali pansi pa gome lolalikirira.

Loweruka lililonse azimayi tinkakolopa tchalitchi. Paliponse ndinkalola aliyense, koma kuseri kwa gome, pomwe mlaliki amaponda, ndinkakolopa ndekha. Ankati ndi ulemu kwa amuna anga. Pamenepo panali kakapeti kofiira. Ukakachotsa, pasimenti panali kaphazi ka mwana, ka kumanzere, kakang'ono kokwana m'dzanja langa. Ndikakolopa, pansi ponse pankauma, koma m'kaphazimo madzi ankatsalira. Kankakhala konyowa, kakuda, ngati mwini wake wangopondapo kumene n'kuthawa.

Mwini wake ndinkamudziwa. Anali mwana wa mng'ono wanga.

Mng'ono wangayo ndinamulera ndine amayi athu atamwalira, ndipo nditakwatiwa ndinapita naye kubanja. Atakula anachoka mwadzidzidzi, akuti wapeza ntchito kutali. Anabwerako ndi kamtsikana koyenda kale. Bambo ake, anatero, ndi dalaivala wa lole amene anapita osabweranso. Sindinafunse zambiri. Kamwanako sikankadziwa kuyenda, kankangothamanga, moti tinakatcha Kamphepo. Ankanditcha amayi aakulu, ndipo akabwera mothamanga ankandigunda m'maondo mpaka kufuna kundigwetsa. Nthawi zonse ankavala tinsapato tofiira ndi masokosi, ngakhale m'nyumba, ngakhale kukutentha. Kumusambitsa ankamusambitsa mayi ake okha.

Masiku amenewo ndi pamene tinkamanga tchalitchi chakalecho. Tsiku lothira simenti pansi, Kamphepo anazemba, anavula nsapato n'kulowa chothamanga. Anaponda phazi limodzi lokha, abusa n'kumuwakha m'mwamba. Mmisiri wa nthawi imeneyo anabwera ndi thabwa kuti asalaze.

"Musafafanize," anatero abusa. "Nyumba ya Mulungu iyambe ndi phazi la mwana."

Anthu anati ameni. Gome analikhazika pomwepo. Sabata yomweyo mng'ono wanga anamanga katundu wake n'kupita. Mvula isanabwerenso, Kamphepo anatentha thupi masiku ochepa n'kumwalira. Mwambo wa maliro anayendetsa ndi abusa, mawu awo osanjenjemera ngakhale pang'ono. Anzake obadwa nawo chaka chimodzi lero ali ndi ana awoawo. Iye anatsala kaphazi konyowa pansi pa kapeti.

3

Denga latsopano litafoleredwa, a Levulo anabwera kunyumba akupukuta thukuta.

"Abusa, mimba yakwana. Tiyambe liti kuphwasula?"

"Tidutse kaye ubatizo," anatero abusa.

Ubatizo unadutsa. Anati tidutse ukwati wa mwana wa msungichuma, poti makolo ake anakwatirana m'nyumba yomweyo. Ukwati unadutsa. Anati akufuna asale kudya kaye, amve chifuniro cha Mulungu. Amisiri ankabwera m'mawa, n'kukhala pamulu wa mchenga kusewera makhadi. Mpingo unkapempherabe mumdima, pansi pa madenga awiri, thukuta lili kamukamu. Agogo ena anakomoka pakati pa nyimbo.

Anthu anayamba kunong'ona. A Tidikire anandipeza pakhomo la tchalitchi, akumwetulira ngati mwana amene wapeza mnzake wolephera naye mayeso.

"Mayi, dzina lija ndalipereka kwa abusa. Ine ndizingotchedwa bambo."

Madzulo ake ndinawatengera abusa madzi ofunda m'beseni monga mwa masiku onse. Amuna anga savula nsapato pagulu. Savula kumtsinje pobatiza, savula ngakhale kuchipatala popanda kukangana ndi anamwino. Amavulira kuchipinda, chitseko chitatsekedwa. Anaviika mapazi m'madzi, ine nditakhala pabedi ndikupinda zovala.

"Mukuopa chiyani, bambo?"

"Sindikuopa. Ndimangoganiza kuti anthu atopa. Makoma tigwetse, chabwino. Koma kuswa pansi ndi ntchito yachabe. Mmisiri yemwe wanena."

"Mmisiri amalandira malamulo kwa komiti."

"Komiti ndi inu nokha, Mayi. Enawo amangogwedeza mitu."

"Ndiye mwamva zimene komiti yanena."

Anasisita phazi limodzi ndi linzake m'madzimo.

"Pali zinthu zina zakale zimene munthu safuna kuziona zikuphwanyidwa," anatero motsitsa. "Mwana wa mng'ono wanu uja. Munkamukonda inunso."

"Musandiphunzitse amene ndinkamukonda."

Ndinawaponyera thaulo, ndinanyamula beseni n'kukataya madzi panja. Ine ndikakwiya ndimazizira.

4

Lamulungu lotsatira, itakwana nthawi ya zolengeza, ndinaimirira kutsogolo popanda pepala.

"Azimayi, tandionetsani mitu yanu."

Anayang'anizana. Ndinavula duku langa n'kuwerama kuti aone dazi la mchenga lija. Mmodzimmodzi anayamba kuvula. Sindinali ndekha wothothoka tsitsi.

"Azibambo, tandionetsani manja." Anakweza zikhatho zong'ambika. "Tsono ndikufunseni. Zonsezi munavutikira kuti muzikhala m'ng'anjo muno ngati njerwa? Kunjaku kuli nyumba ya mazenera akuluakulu, yanu, yomanga nokha. Chikutitsekereza ndi chiyani? Kakhoma aka?" Ndinakamenya ndi chikhatho. "Tigwetse kapena tisagwetse?"

"Tigwetse!"

"Ndi pansi pomwe?"

"Ndi pansi pomwe!"

Anthu osauka, okhulupirika. Ankafuula mawu anga osadziwa chimene akufuulira. Ndinatembenuka kuyang'ana abusa. Anali chiimire kuseri kwa gome, atagwira m'mbali mwake ndi manja onse awiri ngati munthu amene ali m'bwato pa mafunde.

"Mpingo wayankhula," anatero.

M'mawa mwake achinyamata anakwera kukazula malata akale. Kuwala kunagwera mkati ngati madzi. Makoma anagwa limodzilimodzi, fumbi lili koboo, njerwa zikuyenda dzanja ndi dzanja mpaka pakhomo, akwaya akuimba. Agogo amene anakomoka aja anatola theka la njerwa n'kulikulunga pansalu kuti akasunge. Pofika pakati pa sabata panatsala simenti yakale yokha, ngati mphasa yaing'ono yoyalidwa pakati pa chipinda chachikulu. Amisiri anayamba kuiswa kuchokera kukhomo. Abusa anapempha chinthu chimodzi, kuti gome lisunthidwe pomalizira. A Levulo anavomera.

Tsiku lililonse nyundo zinkayandikira gome. Tsiku lililonse kuthamanga kuja ndinkakumva pafupi, ngakhale kanjira kaja kanali kulibenso. M'chinyumba chopanda kanthu, masana, phaphapha, n'kuima kumbuyo kwanga penipeni, pomwe mwana amaima akafuna kukukoka chovala. Sindinkacheuka.

5

Linafika tsiku loti patsala kachigawo kokhala gome basi. Masana amisiri anapita kukadya. Ndinawaona akutuluka pageti, ndinalowa. Nyundo yaikulu inali itatsamira chipilala. Ndinainyamula, inali yolemera ngati mwana wogona.

Kuseri kwa gome ndinapeza abusa. Anali atakhala pansi, pafumbi, ndi suti yawo. Kakapeti kanali pambali. Nsapato ya kumanzere ndi sokosi zinali pambali. Phazi lawo analiika pafupi ndi kaphazi kaja, mbali ndi mbali.

Anadzidzimuka, nafuna kubisa phazi ndi dzanja. Kenako anaona nyundo.

"Mayi, tsitsani chimenecho."

"Valani nsapato, Abusa. Anthu angaone."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona nkhope yawo ikukalamba pamaso panga.

"Munadziwa liti?"

"Simenti isanaume."

Phazi la kumanzere la amuna anga lili ndi zala ziwiri zophatikana, chachiwiri ndi chachitatu, ngati nthochi ziwiri m'khungu limodzi. Bambo awo anali choncho, agogo awonso. Titangokwatirana anandionetsa akuseka, n'kunena kuti, "Mwana wathu mudzamudziwira pamenepa, sangasinthidwe kuchipatala." Ndinadikira phazi limenelo zaka ndi zaka. Ndinamwa mankhwala owawa, ndinagona m'zipatala, ndinapemphereredwa mpaka mutu kuwawa ndi manja a anthu. Azimayi akamanong'ona, abusa ankaima pagome n'kunena kuti, "Mulungu sanatipatse." Sanatipatse, ife awiri. Ndinkawathokoza mumtima chifukwa cha mawu amenewo.

Ndiye tsiku lija, anthu akuti ameni, ine ndinawerama kuyang'ana pasimenti yaiwisi. Phazi ndinkalidikira lija linali pamenepo. Linabwera, koma silinadzere mwa ine. Nditaweramuka ndinakumana maso ndi mng'ono wanga, atanyamula tinsapato tofiira m'manja. Anadziwa kuti ndaona. N'chifukwa chake anamanga katundu.

"Zaka zonsezi," anatero abusa, "munkakolopa pano mukudziwa?"

"Zaka zonsezi munkaimirira pamwamba pa mwana wanu n'kumatiphunzitsa choonadi."

"Pamanda ake ndinaima ngati mlendo. Sindinaloledwe ngakhale kulira. Pano pokha ndi pomwe ndimamulirira." Misozi inkatsika, ikusiya mizere pafumbi la kumaso. "Palibe chithunzi chake, Mayi. Palibe chilichonse. Chatsala ndi ichi chokha."

"Ndikudziwa."

"Ndiulula. Lamulungu likubwerali ndiima pamaso pa mpingo, ndinena zonse. Anditsitse paudindo, ndilandira. Koma kaphazika kasiyeni."

Apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pomwe ndinagwera. Munthuyo anandipatsa choonadi m'manja, ine ndinachikankha.

"Muulule kuti azindimvera chisoni? Azimayi amene ndawalamula chaka chonse azindiyang'ana cham'mbali, azinena kuti chumba uja analandidwa ndi mng'ono wake? Ayi, bambo. Ine sindikufuna kuulula kwanu. Ndikufuna Loweruka limodzi loti ndikolope pansi n'kuuma ponse. Chotsani phazi."

"Mwamangitsa nyumba yonseyi chifukwa cha zimenezi?"

"Chotsani phazi, ndingaphwanye lanu."

Anachotsa.

Kumenya koyamba ndinaphonya, nyundo inadumpha. Kachiwiri simenti inalira, mng'alu unadutsa pakati pa kaphazi. Kachitatu chidendene chinasanduka miyala. Phokoso linakwera kudenga latsopano, linazungulira n'kubwerera, ndipo mkati mwake ndinamva, kapena ndinaganiza kuti ndamva, kamawu kaja: amayi aakulu. Ndinamenyabe mpaka mikono inakana.

Nditaima, abusa anali atavala nsapato. Anatuluka osacheuka. Pakati pa zidutswa panali kachibenthu kamodzi kosaphwanyika, ka zala zokhazokha. Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinakatola n'kukaponya m'kachikwama kanga.

A Levulo analowa akutokosa m'mano.

"Aa, Mayi! Mwatilanda ganyu?"

"Ndimakuyambirani," ndinatero. "Malizani."

6

Tsiku lotsegulira tchalitchi kunali anthu osaoneka malire. Matailosi oyera ankawala mpaka agogo ena ankaopa kupondapo. Ine anandikhazika kutsogolo, anandiveka nsalu yatsopano paphewa, a Tidikire anayankhula mawu ondiyamikira mpaka anthu anawawombera m'manja kuti akhale pansi.

Mapemphero atatha, anthu atatuluka kukadya, ndinaona mzimayi mmodzi atatsala. Wowonda, wa imvi zoyamba, atavala diresi lotuwa. Ankayenda pang'onopang'ono pakati pa mabenchi, maso ali pansi, ngati wataya ndolo. Ndinamudziwira kayendedwe. Chichokereni pamaliro aja anali asanapondenso kwathu.

"Iwe," ndinatero.

"Achemwali." Sanandikumbatire, nanenso sindinayese. "Ndinamva kwa anthu kuti mwamanga chatsopano, chakale mwachisiya mkati. Ndiye ndinati ndipite. Ndimati mwina pagulu chonchi ndingalowe osaonedwa, ndikaone kaphazi kaja kamodzi kokha."

"Chakale chinagwetsedwa. Chimakhala mkati pomanga pokha."

"Ooh." Anayang'ana matailosi. "Ndi pansi pomwe?"

"Ndi pansi pomwe."

"Amisiri sanakaone?"

"Ndinaswa ndine. Ndi manja angawa."

Ndinkayembekeza kuti andimenya, ndipo ndikanalola. Iye anangogwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti basi yapita kale. M'miyezi yonse ija ya mchenga ndi njerwa, ndinaganizira za amuna anga, ndinaganizira za ine mwini, ndinaganizira za pakamwa pa azimayi. Sindinaganizepo ngakhale kamodzi kuti kaphaziko kali ndi mayi ake.

Ndinatsegula kachikwama n'kumupatsa kachibenthu kaja. Anakayang'ana, anauzira fumbi, anasisita tizalato ndi chala chake chachikulu, chimodzichimodzi. Kenako anakafumbata ndi manja awiri n'kukabweretsa pakamwa, monga timachitira ndi phazi la khanda likazizidwa.

"Ankadana nazo nsapato zija," anatero. "Zinkamuwotcha. Akavula ndinkamumenya."

"Chifukwa cha ine."

"Chifukwa cha inu."

Panja akwaya anayamba nyimbo ina. Iye anakulunga kachibenthuko pampango, n'kundiyang'ana m'maso koyamba.

"Achemwali, zaka zonsezi simunandifunsepo kuti zinachitika bwanji m'nyumba mwanu muja."

"Sindinkafuna kumva."

"Ndikudziwa. Munali kuchipatala masiku amenewo, kofuna mwana. Chitseko cha kuchipinda kwanga chinalibe loko. Ndinakupemphani musanapite kuti muikitse. Munati, ukuopa chiyani m'nyumba ya abusa?"

Ndinakumbukira. Ndinakumbukira ngakhale pomwe ndinaima ponena mawu amenewo, ndikutseka chikwama cha ulendo, ndikuseka.

"Bwanji sunandiuze?"

"Mukanakhulupirira ndani?"

Pakhomo lalikulu panamveka kuseka. Abusa ankalowa ndi alendo olemekezeka, akuwalozera denga. Mng'ono wanga anawaona. Thupi lake lonse linauma, ngati kamtsikana kaja ndinkakalera. Anatulukira kukhomo la m'mbali, mpango uli pachifuwa.

7

Alendo atapita ndinawapeza abusa kuchipinda, mapazi ali m'beseni lomwe anadzitungira okha.

"Munati muulula," ndinatero. "Ndavomera tsopano. Lamulungu likubwerali. Ndipo munene zonse, ndi za chitseko zomwe."

Anapukuta phazi mosafulumira, chala ndi chala, n'kuvala sokosi.

"Ndiulule chiyani, Mayi?"

Anandiyang'ana ndi nkhope yosalala ngati matailosi aja. Pamenepo ndi pomwe ndinazindikira chimene ndinachita. Kaphazi kaja sikankazunza ine ndekha. Ndi kokhako padziko lapansi kamene kankawagwira mwendo munthu ameneyu Lamulungu lililonse, kumukumbutsa chimene ali. Ine ndinasonkhanitsa mpingo wonse, ndinathothola tsitsi la azimayi osalakwa, kuti ndimumasule.

Masiku ano amalalikira mwamphamvu kuposa kale. Anenepa. Anthu akuti nyumba yatsopano yawapatsa moto watsopano, ndipo akuyankhula kale zomanga chipinda cha ana. Akufuna ndidzakhalenso wapampando.

Ine ndinasamukira kuchipinda chija chinali cha mng'ono wanga. Loko ndinagula tsiku lotsatira, ndinakhoma ndekha, mochedwa ndi moyo wa munthu wathunthu. Ndinapita kukamuona mng'ono wangayo kumene amakhala. Anandilandira, anandipatsa mpando, sitinayankhule zambiri. Kachibenthu kaja kali pawindo, pomwe dzuwa la m'mawa limafika. Ndinamufunsa ngati angalole kuti ndikaime nako pamaso pa akuluampingo. Anati, "Mwana wanga wavala nsapato mokwanira chifukwa cha anthu amenewo. Musiyeni apume." Sindinaumirire. Ndikadzayankhula, ndidzayankhula ndi pakamwa panga pokha, ndipo ndikudziwa amene adzakhulupiriridwe. Ndayamba ndi inu kuti ndione ngati mawu angatuluke.

Inu amene mukuwerenga, makamaka azimayi anzanga olimba mtima, amene mumatamandidwa kuti mukagwira chinthu chimatheka: sindikupemphani chisoni, ndinachikana kale kwa anthu ondidziwa. Ndingokuuzani zimene ndaona. Mkwiyo umagwira ntchito kuposa chikhulupiriro, umadzuka m'mamawa, sutopa, umamanga nyumba zokongola. Koma uli ndi diso limodzi. Ine unandionetsa phazi la mwana, n'kundibisira phazi lomwe linali m'nsapato pafupi nane. Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene anachoka mwadzidzidzi osatsanzika bwino, musayambe ndi nyundo. Pitani mukamufunse kuti zinachitika bwanji, ndipo mukhale pansi mpaka amalize.

Loweruka ndimakolopabe. Gome latsopano lili kutsogolo kwambiri, ndipo pomwe panali lakale pano ndi pakati pa kanjira, pomwe aliyense amaponda popita kukapereka chopereka. Matailosi ndi osalala, a Levulo anayeza okha, palibe pokhala madzi. Koma ndikamaliza n'kuima pakhomo ndi ndowa yanga, pansi ponse patauma, pamakhala kamalo kamodzi konyowa, kokwana m'dzanja langa.

Azimayi anzanga amati sakuona kanthu. Ine ndimadikira mpaka kaume, ndiye ndimatseka chitseko.